Kodi ndingapite ku tantric massage ndili pa kemo?

Nachisale wa ku Leeds:
Amayi ndi asisi pagulu pano, uthengawu ndaulemba n'kuufufuta kanayi, koma lero ndingoutumiza. Ambiri mukudziwa kuti mwezi wa Malichi anandichotsa bere lakumanzere pamodzi ndi anabere a m'khwapa chifukwa cha khansa. Kemo, mankhwala aja olimbana ndi khansa, ndalandira katatu, kwatsala katatu, ndipo ndikamaliza akuti kudzakhala radiotherapy, ija yowotcha khansa ndi makina. Tsitsi linapita, nsidze zikutsatira. Zimenezo ndazizolowera. Chimene chikundikanika kuzolowera n'choti chichokereni ku opaleshoni, thupi langali palibe amene walikhudza kupatula anamwino ovala magolovesi.

Mnzanga wa kuntchito, mzungu wamtima wabwino zedi, wandilipirira tantric massage kwa mayi wina amene amachita zimenezi kuno. Akuti iye zinamuthandiza ukwati wake utatha, anayambanso kudzimva kuti ndi munthu. Kemo wachinayi ndilandira Lachinayi likubwerali, ndipo masajiwo ndi Loweruka la sabata inayo. Ndipite? Nanga dokotala ndimuuze? Dokotala wanga ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wa mlongo wanga, sindikudziwa kuti nkhani yotereyi ndingayiyambire pati.

Anaphiri a ku Area 25:
Mwananga pepa, tikukupempherera tsiku lililonse. Koma tiuze bwino ife a kumudzi kuno, tantric yo ndiye chiyani? Ndi kutikita wamba kumene timachita msana ukamapweteka?

Mwali wa ku Cape Town:
Anaphiri, ayi, si wamba. Kuno ku Cape Town alipo ambiri ochita zimenezi, ndiye ndifotokoze mmene ndikudziwira. Dzinalo analitenga ku Tantra, ziphunzitso zakale za ku India za Ahindu ndi Abuda, zimene zinafalikira mpaka ku Nepal ndi Tibet. Tantra weniweniyo ndi nkhani ya mapemphero, miyambo ndi kusinkhasinkha pansi pa mphunzitsi. Masaji amene akugulitsidwa lerowa anayambira ku Ulaya ndi ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900, anangobwerekako dzina ndi mawu ena. Munthu amavula, amamudzoza mafuta thupi lonse pang'onopang'ono kwa ola limodzi kapena awiri, amamuphunzitsa kapumidwe. Ena amalekeza pomwepo. Koma ambiri amafika mpaka malo obisika, ndipo ena mpaka mkati. Mukaona alemba kuti yoni, ndiye kumaso kwa mayi, lingam ndi kwa bambo. Asisi a ku Leeds, werengani bwino pa tsamba la mayiyo muone ngati mawu akuti yoni alipo.

Nachisale wa ku Leeds:
Alipo asisi. Alemba kuti gawo limenelo ndi lodzisankhira.

Mayi wa Mvano:
Ine mundikhululukire, koma sindingakhale chete. Mayi wapabanja kukavulira munthu wachilendo kuti amugwire kumaso, kaya ndi mkazi mnzake, zimenezo si zoona. Matenda asatisocheretse. Thupi ndi kachisi. Amuna anu akudziwa zimenezi?

Admin:
Amayi a Mvano, maganizo anu tawamva ndipo muli ndi ufulu wowanena. Koma mnzathuyu wabwera ndi funso la moyo wake, tisamuthamangitse. Zokhudza chikhulupiriro adzasankha yekha. Alipo anamwino pagulu pano, chonde tithandizeni.

Namwino wa ku Bolton:
Ndangoweruka kumene. Achemwali, ndagwira mu wodi ya khansa zaka zambiri, ndiye ndilankhula mosabisa, koma kumbukirani kuti ine sindinaone zotsatira za magazi anu. Amene waziona ndiye ayenera kunena mawu omaliza.

Chimene chandidzidzimutsa n'tsikulo. Kuchokera Lachinayi kufika Loweruka la sabata inayo ndi masiku 9. Kemo amapha maselo amene amachulukana msanga, ndipo sasankha. N'chifukwa chake tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, ndipo mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi amafooka. Asilikali a m'thupi amatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14. Inuyo mukakhala mutagona patebulo la mayiyo thupi lanu lili pansi penipeni pa dzenje. Masiku amenewo kachilombo kamene munthu wabwinobwino sangakamve n'komwe kakhoza kukugonekani ku chipatala usiku womwewo. Timati neutropenic sepsis, ndipo imathamanga ngati moto wa m'tchire la mu Okutobala. N'chifukwa chake anakupatsani khadi lija la nambala yoimba usana ndi usiku, n'kukuuzani kuti thupi likatentha kufika 38, ena amati 37.5, muimbe pompopompo osadikira kuti kuche.

Tsono apa ndi pamene gawo la yoni likulowera. Khungu la mkati mwa njira ya amayi ndi lofewa ngati la m'kamwa, ndipo kemo amalipyapyalitsa ndi kuliumitsa chimodzimodzi. Pa amayi ambiri msambo umaimanso, zimene zimawonjezera kuuma. Chala, chikhadabo, ngakhale mafuta onunkhiritsa, zikhoza kusiya kamng'alu kosaoneka ndi maso, ndipo kamng'alu kameneko ndi khomo la tizilombo kulowa m'magazi. Onjezanipo ma platelets, tizinthu timene timaumitsa magazi pabala. Munthu wabwino amakhala nawo pakati pa 150 ndi 400 pa pepala la zotsatira. Akatsika kwambiri, kungofinya mnofu kumasiya kubiriwira, ndipo mkatimo magazi akayamba kutuluka savomera kuleka msanga.

Ndiye pali mkono wanu wakumanzere. Anabere aja anali ngati ngalande zochotsa madzi mumkonomo. Atawachotsa, madzi amayenda movutikira, ndipo kutikita mwamphamvu, miyala yotentha imene otikita ena amaika pathupi, kapena kachilonda kakang'ono zikhoza kuyambitsa kutupa kotchedwa lymphoedema, kumene kukayamba timangokuchepetsa, sikutheratu. Kulipo kutikita kwapadera kothandiza kutupako, kopepuka ngati kusisita khanda, koma kumachitidwa ndi munthu amene anaphunzira zimenezo. Ndikufunseninso: mankhwala amalowera pati? Muli ndi PICC line?

Nachisale wa ku Leeds:
Eya, ili mkono wakumanja. Ndipo andiuza kuti kuyambira Lachinayi asintha mankhwala, achoka pa ofiira aja apita pa docetaxel.

Namwino wa ku Bolton:
Ndiye kuti mikono yonse iwiri ili ndi malamulo ake. PICC ndi kapaipi kamene kamafika mpaka mumtsempha waukulu pafupi ndi mtima. Sikafuna mafuta, sikafuna kukokedwa. Ndipo docetaxel thupi lanu silinamuonepo, simukudziwa kuti adzakutengani bwanji. Amagwetsa asilikali kwambiri, ena amawapatsa dzanzi m'zala ndi m'mapazi moti samva ngati akufinyidwa mopitirira kapena ngati chinthu chikuwotcha. Ine ndikanakhala inu, Loweruka limenelo ndikanalichotsa kaye pa kalendala.

Nabanda wa ku Mzuzu:
Ine ndinamva kuti munthu wa khansa samutikita n'komwe chifukwa umayibalalitsa thupi lonse. Azakhali anga tinasiya n'kuwagwira komwe msana chifukwa cha mawu amenewa. Ndi zoona?

Namwino wa ku Bolton:
Si zoona asisi, ndipo bodza limeneli lazunza odwala ambiri. Mabungwe ngati Cancer Research UK ndi Macmillan amanena poyera kuti palibe umboni woti kutikita kumafalitsa khansa. Magazi ndi madzi a m'thupi amayenda kale tsiku lonse, mukamayenda, mukamapuma, mukamasamba. Khansa imafalikira chifukwa cha kusintha kwa mkati mwa maselo ake, osati chifukwa dzanja lasisita msana. Chimene timapewa n'kufinya pachotupa penipeni, pamalo amene akuwotchedwa ndi radiotherapy, pabala losapola, ndi pafupa ngati khansa yafika m'mafupa chifukwa likhoza kuthyoka. Kupatula apo, kusisita kopepuka kumathandiza tulo, nkhawa ndi ululu. M'zipatala zambiri kuno muli anthu olembedwa ntchito imeneyi. Azakhali anuwo ngati alipo, kawagwireni manja, kawasisiteni mapazi.

Nabanda wa ku Mzuzu:
Anatisiya chaka chatha. Ndikanadziwa.

Mayi a Chikondi a ku Ndirande:
Pepani a Nabanda. Ine ndiwonjezere chimodzi chimene a Namwino sanachinene, chifukwa chinatichitikira pakhomo pathu. Mkulu wanga anali ndi khansa ya khomo la chiberekero. Tsiku lina m'mawa anadzuka katumba wa mwendo umodzi atatupa, akutentha, akupweteka. Ife tinati mwina wagonera. Tinatenthetsa madzi, tinamuthowa, n'kumutikita ndi mphamvu zathu zonse poganiza kuti tikumuchitira chifundo. Madzulo ake anayamba kubanika, akuti pachifuwa pakumubaya. Tinathamangira naye ku chipatala koma sanafike m'mawa. Adokotala anati inali ntchintchi ya magazi imene inachoka m'mwendo n'kukatseka m'mapapo. Sindinganene motsimikiza kuti manja athu ndi amene anayisuntha, koma funso limenelo ndimagona nalo. Mwendo umodzi ukatupa pa munthu wa khansa, musaukhudze, thamangani naye.

Namwino wa ku Bolton:
Amayi, zikomo ponena zimenezi, ndipo musadzipatse mlandu, ntchintchi zimasuntha ngakhale popanda wozikhudza. Koma mwanena zoona: khansa yokha, kemo, kugona nthawi yaitali, PICC, komanso mapilitsi ngati tamoxifen, zonsezi zimachititsa magazi kuundana mosavuta. Wotikita amene sanaphunzire za khansa sadziwa kuyang'ana zimenezi.

Nachisale wa ku Leeds:
Ndawerenga zonse, misozi ili m'maso. Dzulo ndinamulembera mayi wa masajiyo n'kumuuza kuti ndili pa kemo. Wayankha kuti palibe vuto, sipafunika kalata ya dokotala, ndipo akuti khansa ya m'mawere imabwera chifukwa cha chisoni chimene chatsekeka m'thupi, ndiye ntchito yake idzatsegula njira kuti thupi lidzichize lokha. Mawu akewo anandikhudza, sindinama, chifukwa chisoni ndili nacho.

Mwali wa ku Cape Town:
Asisi, yankho limenelo landiopsa kuposa zonse. Ine si mdani wa tantric, ndili ndi anzanga amene anapitako n'kubwerako akuyamikira. Koma munthu wodziwa ntchito yake mukamuuza kuti muli pa kemo amayamba kukufunsani mafunso: mankhwala anji, munalandira liti, anachotsa anabere mbali iti, magazi ali bwanji, dokotala wati chiyani. Uyu sanafunse ngakhale limodzi. Ndipo wakuuzani kuti matendawa mwadzibweretsera nokha ndi chisoni. Amayi angati osangalala, oseka tsiku lonse, amene tawaika m'manda ndi khansa yomweyi? Musasenze katundu ameneyo.

Namwino wa ku Bolton:
Ndiwonjezere kuti kuno ku UK palibe lamulo loletsa munthu kudzitcha wotikita, ngakhale ataphunzira masiku awiri okha. Kuli kaundula wa CNHC, bungwe lolembetsa otikita ndi ena ochita ntchito zotere, koma kulembetsako n'kodzifunira. Ndiye udindo wofunsa maphunziro ake ndi inshuwalansi yake umagwera inu wodwala.

Nyakwawa wa ku Lusaka:
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhuleko ngati munthu amene anadutsamo. Ine yanga inali ya khomo la chiberekero. Ndinalandira radiotherapy ya kunja masabata asanu pamodzi ndi kemo, kenaka ija yoika mkati, brachytherapy, kuno ku Lusaka ku Cancer Diseases Hospital. Ndili moyo, ndimathokoza. Koma palibe amene anandikonzekeretsa mumtima za mmene kumaso kudzasinthire. Kuwotcha kuja kumasiya zipsera mkati, njira imauma, imafupika, imapanikizika. Anamwino anandipatsa timapaipi tosalala totchedwa dilator, tosiyana kukula, toti ndizigwiritsa ntchito ndikapola kuti njira isatsekeke. Ndinatibisa pansi pa sutikesi miyezi iwiri chifukwa cha manyazi. Nditapita kokaonedwa, adokotala anavutika kundipima ndipo ndinamva ululu woti sindidzauiwala. Namwino wina wachikulire anandikhazika pansi n'kundiuza kuti, “Mwanawe, ife ziwalo zimenezi ndiye ofesi yathu. Ukatibisira, tikuthandiza bwanji?” Kuyambira tsiku limenelo ndimafunsa chilichonse.

Chinanso, popeza tili tokhatokha amayi. Anthu adzakubweretserani zitsamba zoika kumaso, zija amati zimaumitsa kapena kubweza thupi mwakale. Pa munthu amene walandira kemo kapena kuwotchedwa, zimenezo ndi kuthira tsabola pachilonda. Ife vuto lathu ndi kuuma kale. Chimene timafuna ndi mafuta oterera a ku famase opanda fungo, ndipo ngakhale amenewo funsani kaye oyenera, makamaka inu a khansa ya m'mawere chifukwa ena amakhala ndi mahomoni.

Koma achemwali a ku Leeds, ndikufunseni ndi chikondi. Mwatchula anamwino, mwatchula mnzanu wa kuntchito, mwatchula dokotala. Abambo akunyumba simunawatchule. Ali kuti pa nkhaniyi?

Nachisale wa ku Leeds:
Mwandigwira pamtima penipeni asisi. Alipo. Ndi munthu wabwino, amandiperekeza ku kemo nthawi zonse, amaphika, amachapa, amagwira mashifiti ausiku kuti masana akhale nane. Koma chichokereni ku chipatala anasamukira pa sofa. Akuti akuopa kundigunda pabala ali m'tulo. Bala linapola kalekale. Chipsera sanachionepo, ndikamavula amatuluka. Kenaka ndinamva apongozi akuwauza pa foni kuti adike mpaka ndichire, kuti iwo ndi otentha ine ndine wozizira, angandidule. Ine sindikupempha zambiri. Ngakhale dzanja lokha pamsana. Pamene mnzanga uja anandipatsa pepala la masaji ndinalira m'galimoto, chifukwa ndinazindikira kuti ndafika pofuna kulipira mlendo kuti andikumbutse kuti ndidakali mkazi.

Mayi wa Mvano:
Mwana wanga, ndinalankhula msanga ndisanamve mutu wa nkhani. Undikhululukire. Pa za masajiwo maganizo anga sanasinthe, koma ululu wakowo ndaumva.

Anaphiri a ku Area 25:
Ine ndine mlangizi, atsikana ambiri ndawalangiza, ndiye za kudika ndilankhulepo. N'zoona makolo ankati pakhomo pakakhala matenda, maliro kapena khanda, banja lizidika kuopa mdulo. Mwambowo unkateteza wodwala kuti mwamuna asamuvutitse thupi lili lofooka. Koma kudika sikunatanthauze kuthawa mkazi wako ngati ali ndi khate. Agogo athu akadwala, amuna awo ankawathowa, kuwasambitsa, kugona pambali pawo kumvetsera mpweya. Ndipo kudika kunali ndi tsiku lake lomasula, akuluakulu ankabwera kudzanena kuti tsopano lowani m'nyumba. Apongozi akowo atseka chitseko ali kutali, ndipo palibe amene adzabwere kudzachitsegula. Kumeneko wodziwa tsiku lomasula ndi dokotala wakoyo. Ndiye upite ukafunse, ndipo mwamunayo umutenge akamve yekha ndi makutu ake.

Mayi a mapasa a ku Luton:
Ndawawerengera amuna anga nkhaniyi osatchula dzina, chifukwa ifenso tinadutsamo zaka zinayi zapitazo. Andipempha kuti ndilembe mawu awo. Akuti: “Muwauze kuti mwamunayo sakunyansidwa, akuopa. Ine ndinkaona mkazi wanga ngati dzira. Ndinkaganiza kuti ndikamukhudza n'kumva chilakolako ndiye kuti ndine chilombo chosamva chisoni. Ndinkaopanso kuti mankhwala aja andilowa, ndipo sindinkadziwa woti ndimufunse. Tsiku limene namwino ananena pamaso pa tonse awiri kuti khansa sipatsirana, kuti tingogwiritsa ntchito kondomu masiku angapo kemo akangolandiridwa komanso kupewa mimba, ndi kudikira magazi akakhala otsika, ndinamva ngati anditula thumba la simenti.” Ndi zimenezo asisi. Ife amayi timaganiza kuti akutithawa, iwo akuganiza kuti akutilemekeza, ndipo aliyense akulira kuchipinda kwake.

Nachisale wa ku Leeds:
Chabwino, ndavomera kufunsa. Koma ndikanene kuti chiyani? Ndinaganiza zongofunsa kuti kodi masaji ndi ololedwa, basi, osatchula zinazo.

Namwino wa ku Bolton:
Ayi achemwali, apo ndiye pali msampha. Mukafunsa kuti “kodi masaji ndi ololedwa”, dokotala adzaganiza za kusisita mapewa kwa mphindi 20 kumene timachita ku chipatala, ndipo akhoza kunena kuti eya, bola mopepuka. Inu mudzatuluka ndi eya wa funso lina, n'kukamugwiritsa ntchito pa chinthu chimene iye sanachimve n'komwe. Nenani zonse: ndi thupi lonse, ndi mafuta onunkhira, ndi ola loposa limodzi, angafike pachifuwa, angafike kumaso ndi mkati, wochitayo si wa chipatala, ndipo tsiku lake ndi lakuti. Mawu akuti tantric angathe osawadziwa, koma ziwalo ndi masiku amazidziwa.

Ngati mnyamatayo mukuchita naye manyazi, simukukakamizidwa kuyambira kwa iye. Muli ndi breast care nurse wanu, namwino wosamalira odwala khansa ya m'mawere, nambala yake anakupatsani tsiku loyamba lija. Ambiri ndi amayi, ndipo mafunso a za m'chipinda amawamva sabata iliyonse. Mukhoza kulemba papepala n'kungomupatsa kuti awerenge. Mukhozanso kupempha dokotala wamkazi. Ndipo kwanuko ku Leeds kuli malo othandiza odwala khansa otchedwa Maggie's pafupi ndi chipatala cha St James's, mumangolowa popanda kupangana tsiku, mwaulere, muli anthu odziwa za khansa ndi a uphungu, ndipo amalandiranso amuna a odwala. Macmillan nawo ali ndi foni yaulere ngati mukufuna kuyamba ndi munthu amene sakukuonani nkhope.

Nangozo wa ku Joburg:
Kwa amene ali kuno ku South Africa, bungwe la za khansa la CANSA limathandiza pa mafunso ngati amenewa. Ndipo kumudzi musaderere a palliative care, aja ochepetsa ululu ndi mavuto a odwala matenda aakulu, ngati Tiyanjane ku Queens kapena Ndi Moyo ku Salima. Anthu amaganiza kuti kumeneko n'kwa odikira imfa okha, koma ndi amene amakhala ndi nthawi yokhala nawe pansi n'kumva za ululu, za tulo, ngakhale za m'banja.

Nachisale wa ku Leeds:
Ndalemba papepala mmene mwanenera a Namwino. Ndilipereka Lachitatu pokayezetsa magazi. Ndamuuza mayi wa masaji uja kuti Loweruka sindibwera. Bambo a ana sindinawauze chilichonse, ndangowapempha kuti ulendo uno asadikire m'galimoto, alowe nane.

Nyakwawa wa ku Lusaka:
Tili nanu. Mudzatiuze.

Nachisale wa ku Leeds:
Amayi, ndabwerako, ndipo kemo wachinayi walowa dzulo. Pakamwa pakuwawa ngati ndatafuna chitsulo koma ndilembe ndisanagone.

Pepala lija ndinampatsa namwino wanga tili awiri, bambo ndinawasiya kaye panja. Anawerenga mpaka pansi nkhope yake osasintha, kenaka anakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Anati pa gawo la mkati yankho ndi ayi nthawi yonse ya kemo, ndipo pachifuwa ndi m'khwapa ayi mpaka radiotherapy idzathe khungu n'kupola. Za thupi lonse kwa munthu wosaphunzira za khansa anatinso ayi, makamaka pa tsiku la 9. Anati chithandizo chikadzatha, magazi n'kubwerera, ngati ndidzafunebe tidzakambirananso, adzandiuza zoti ndikamufunse wotikitayo, ndipo chosankha chidzakhala changa. Sanandiseke, sanandiweruze. Anandilembetsa kwa mayi wa pachipatala pomwepo amene amatikita odwala khansa, ndikayamba sabata yachitatu magazi akakwera.

Kenaka anandifunsa funso lomwe lija la asisi a ku Lusaka, kuti kunyumba zili bwanji. Ndinalephera kuyankha, ndinangoloza chitseko. Anawaitana. Anawauza kuti khansa sangayitenge, kuti bala linapola ndipo silingatseguke ndi dzanja, kuti mkono wakumanzere azingousisita mopepuka kulowera kumtunda, wakumanja apewe pamene pali paipi, ndipo mwendo ukadzatupa asaukhudze koma aimbe foni. Za kukhalira limodzi anati n'zotheka masiku amene magazi ali bwino ndipo ine ndikufuna, ndi kondomu. Bambo anangoti zii, akuyang'ana pansi. Kenaka anafunsa ndi mawu onjenjemera kuti, “Ndiye kugona bedi limodzi sindingamupweteke?” Miyezi yonseyi funso lawo linali limenelo.

Za tantric ndinawauza tili m'galimoto. Anakhala chete mpaka pa maloboti achiwiri, n'kunena kuti, “Ndiye unafika pamenepo ine ndili m'nyumba momwemo.” Sanakalipe. Usiku anabweretsa pilo wawo kuchipinda. Chipsera sanachionebe, ndipo sindinawakakamize. Anandisisita mapazi mpaka ndinagona.

A Namwino, akufunsa kuti mafuta abwino ndi ati, chifukwa amene tili nawo m'nyumba ndi onunkhira kwambiri ndipo akundichititsa nseru.

Namwino wa ku Bolton:
Auzeni agule opanda fungo lililonse, a ku famase aja odzola anthu a khungu louma, kapena a mpendadzuwa wamba. Ayese kaye pang'ono pamwendo aone ngati khungu silikuyabwa, asambe m'manja asanayambe, ndipo zikhadabo awenge. Ndipo thermometer ikhale pafupi ndi bedi sabata ikubwerayi.